Alubamu ya Google Photos ngati pokumanirana ojambula ofuna kudzudzulana zithunzi ku Harare

Ojambula ongoyamba kumene a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Mabvuku amakonda kuonetsana zithunzi pa WhatsApp, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Makampani a mafoni kuno amagulitsa bandulo ya WhatsApp payokha, motsika mtengo kuposa data wamba, komanso aliyense ali nayo kale mufoni. Vuto limayamba gulu likatopa ndi mawu akuti "chabwino kwambiri achimwene" n'kufuna kuuzana chenicheni chomwe chalakwika pachithunzi. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp chimapanikizidwa. Chimene chinatuluka mufoni chili 4 MB chimafika kwa anzanu chisakukwana ndi 1 MB yomwe, ndipo mfundo zonse zimene kamera inalemba mkati mwake zimafufutidwa: shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, monga 1/100 ya sekondi), aperture (kukula kwa bowo la lenzi, monga f/8), ISO (nambala yomwe ikakwera chithunzi chimawala) ndi kutalika kwa lenzi (nambala ya mm yosonyeza mmene lenzi ikuyandikitsira chinthu). Batani la HD lomwe linabwera mu 2023 lathandiza pa kukula kwa chithunzi, koma chimapanikizidwabe. Kutumiza ngati document kumasunga zonse, kungoti pofika madzulo chithunzicho chimakhala chitakwiririka pansi pa moni, mauthenga a zovuta ndi a msonkhamsonkha.

Alubamu yogawana ya Google Photos imachotsa mavuto awiri akuluakuluwa, kuonongeka kwa chithunzi ndi kukwiririka kwake pansi pa mauthenga, ndipo pachifukwa chimenechi tikuiona kuti ndi yoyenera gulu la anthu asanu mpaka khumi amene atsimikiza zophunzira. Koma sinapangidwe kuti ikhale sukulu. Ili ndi zofooka zinayi kapena zisanu zomwe zingagwetse ulesi gulu lomwe silinadziikire malamulo.

Kuyamba kwake n'kosavuta. Munthu mmodzi amatsegula alubamu yatsopano, kuipatsa dzina la mutu ndi mwezi, monga "Nkhope pamthunzi, Okutobala", kenako n'kudina Share. Angathe kuitana anzake kudzera pa adiresi zawo za Gmail kapena kupanga linki. Pa timadontho titatu tapamwamba pali Options, ndipo m'menemo muli tizitseko tinayi tofunika kutiyang'ana musanaike chithunzi chilichonse. Collaborate ikhale yoyatsa kuti aliyense aziikamo zake. Comments and likes ikhale yoyatsa, chifukwa ndi pamene pali ntchito yonse. Kachitseko kogawana malo amene chithunzi chinajambulidwira kazimitsidwe. Link sharing izimitsidwenso onse akangolowa, popeza linki ikafika m'manja mwa munthu wina aliyense amaona alubamu yonse popanda kupempha. Kuti munthu alembe ndemanga afunika akaunti ya Google.

Phindu lalikulu lili pa chinthu chomwe ambiri sachiona. Mukatsegula chithunzi cha mnzanu n'kukankhira chala m'mwamba, pansi pake pamaoneka dzina la kamera kapena foni, aperture, shutter, kutalika kwa lenzi ndi ISO. Manambala anayi amenewa amasintha kayankhulidwe ka gulu. Popanda iwo munthu amangoti chithunzi chachita chimbuuzi, mwini wake n'kuyankha kuti kamera yake ndi yakale, nkhani n'kuthera pomwepo. Manambala akakhalapo, chimbuuzicho chimapezeka gwero lake, ndipo magwero ake ndi atatu osiyana kotheratu.

Kuzani chithunzi ndi zala ziwiri mpaka diso la munthu wojambulidwayo lidzaze theka la sikirini. Ngati nkhope, khoma lakumbuyo ndi mpando zonse zakokeka mbali imodzi mofanana, dzanja la wojambula ndi lomwe linagwedezeka. Ngati khoma lili bwinobwino koma manja ndi mutu wa munthu zakokeka, munthuyo ndi amene anasuntha shutter ili yotsegula. Ngati palibe chokokeka, koma nkhope ndi yofewa pamene njerwa zakumbuyo kapena kolala ya malaya zikuoneka zakuthwa, focus (pamene lenzi yalunjika kuti paoneke pakuthwa) inagwira polakwika. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo munthu wouzidwa mankhwala olakwika amataya mwezi wathunthu. Pa kugwedezeka kwa dzanja, lamulo lakale likugwirabe ntchito: shutter isachedwe kuposa nambala ya kutalika kwa lenzi. Makamera ambiri omwe ongoyamba amagula, a Canon ndi Nikon okhala ndi lenzi ya 18–55 mm, ali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera) yaing'ono, ndiye nambalayo muichulukitse ndi 1.6 pa Canon kapena 1.5 pa Nikon. Pa 55 mm zikutanthauza kuti musatsike pansi pa 1/100, pokhapokha lenzi ili ndi choletsa kugwedezeka, chomwenso sichiimitsa munthu woyenda.

Ndemanga yothandiza yotuluka m'manambala otere imamveka chonchi: "Achemwali, pachithunzi chachitatu shutter ili pa 1/25, lenzi pa 55 mm, ISO 400. Nkhope ya agogo ndi zenera lakumbuyo zagwedezeka chimodzimodzi, ndiye vuto ndi dzanja, osati focus. Mukadzajambulanso muholomo kwezani ISO ifike 1600 kuti shutter ikwere pa 1/100. Timadontho tidzaoneka pang'ono m'malo amdima, koma maso a agogo adzatuluka." Ulemu ulipo, chifukwa chatchulidwa, ndipo mwini chithunzi ali ndi choti akayese Loweruka likubwerali.

Nambala ya 1/100 sitinaisankhe mwangozi. Magetsi a m'Zimbabwe ndi a 50 Hz, ndipo mababu a machubu ndi a LED otsika mtengo omwe adzaza m'maholo ndi m'matchalitchi amaphethira ka 100 pa sekondi imodzi. Diso siliona, kamera imaona. Mukajambula pa 1/250 kapena kupitirira, chithunzi china chimatuluka chowala, chotsatira chake chakuda pang'ono kapena chobiriwira, ndipo mafoni amatulutsa mizere yopingasa. Pa 1/50 kapena 1/100 vutoli limachepa kwambiri. Mnzanu akaika zithunzi ziwiri za pa chinkhoswe zojambulidwa motsatizana koma zosiyana mtundu, yang'anani shutter musanamuuze kuti asinthe white balance, pamene amauzira kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo.

Pa zithunzi za panja masana, alubamuyi imaonetsa bwino vuto lomwe limabwera mobwerezabwereza pakati pathu: zovala zoyera ndi nkhope zakuda padzuwa la 12 koloko. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo m'miyezi ya chilimwe, mitambo kulibe, dzuwa limamenya molimba. Taganizani amayi a mpingo atavala yunifolomu yoyera ndi duku loyera, ataima pabwalo la tchalitchi mapemphero atatha. Kamera ikayeza kuwala pa bulauzi, nkhope zimada mpaka maso kusowa. Ikayeza pa nkhope, bulauzi imayera mbee, mabatani ndi msoko zonse kufufutika, ndipo choyera chikapsa chotero mu JPEG (fayilo wamba ya chithunzi) sichibwereranso ngakhale mukonze motani. Popeza chithunzi chili chokwanira kukula, mnzanu amatha kukuza paphewa n'kuona ngati ulusi wa nsalu udakalipo. Ukakhalapo, chithunzicho n'chokonzeka: kutsitsa highlights (malo owala) ndi kukweza shadows (malo amdima) pang'ono. Ukasowa, langizo ndi la ulendo wotsatira. Asunthireni amayiwo pamthunzi wa khonde kapena wa khoma, ayang'ane kumene kukuchokera kuwala. Ngati kusuntha n'kosatheka, tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi chonse) ndi 0.7, yatsani flash yaing'ono ya pakamera kuti idzaze mithunzi ya pansi pa maso, ndipo musatalikire kupitirira mamita awiri kapena atatu chifukwa mphamvu yake imathera pomwepo. Mthunzi wa mtengo wa masamba otalikirana ndi msampha, umasiya mawangamawanga pamphumi ndi pamasaya. Wofuna kuyeza ngati manambala a mnzake ali pafupi ndi choonadi akumbukire kuti padzuwa lowala bwino, ISO 100 imayenda ndi f/16 pa 1/100, kapena f/8 pa 1/400, kapena f/4 pa 1/1600. Mukaona ISO 800 pachithunzi cha masana, dziwani kuti mwini wake anaiwala kuibweza atachoka mkati mwa nyumba.

Tsopano zofooka. Choyamba n'chakuti mulibe njira yolozera. Ndemanga imalembedwa pansi pa chithunzi chonse, simungaikhomere pa ngodya imodzi. Pa nkhani ya kakonzedwe ka chithunzi ichi n'chopinga chachikulu, chifukwa kufotokoza ndi mawu kuti mtengo wa magetsi watuluka pamutu pa mkwati, kapena kuti mpanda wapendekeka, kumatenga mizere itatu pamene chala chikanatha mu sekondi imodzi. Njira yozembera ilipo koma ndi yaitali. Mumasunga chithunzi cha mnzanuyo ku mbali yanu, kutsegula Edit, kupita pa Markup, kuzunguliza ndi cholembera pamene pali vuto, kusunga ngati kope, kenako n'kuliikanso mu alubamu. Zikachitika kasanu, alubamu imadzaza ndi makope ndipo zoyambirira zimasowa pakati pawo. Magulu amene akhalitsa amatsegula alubamu yachiwiri ya makope olembedwa okhaokha. Ena amagwirizana kugawa chithunzi m'mabokosi asanu ndi anayi, atatu m'mwamba, atatu pakati, atatu pansi, kuwerenga 1 mpaka 9 kuyambira kumanzere, kuti munthu azingolemba kuti "pa 3 pali chidebe chofiira chomwe chikukoka diso". Njira yachiwiriyi ndi yachangu ndipo siidya data.

Chachiwiri ndi kamtima. Batani la kamtima lili pafupi ndi chala kuposa malo olembapo, ndipo limaononga kudzudzulana mwakachetechete. Munthu akadina kamtima amamva ngati wagwira ntchito yake. Pakapita masabata angapo, zithunzi za dzuwa likulowa ku Lake Chivero zimakolola timitima, pamene chithunzi cha wogulitsa tomato ku Mbare Musika, chomwe chinali chovuta kujambula ndipo chili ndi zambiri zoti n'kukambirana, chimakhala chopanda mawu. Simungazimitse timitima n'kusiya ndemanga, kachitseko kake ndi kamodzi. Gulu liyenera kungogwirizana kuti kamtima kopanda ndemanga sikawerengedwa. Lamulo lomwe limagwira bwino ndi ili: aliyense aike zithunzi zitatu zokha pa mutu wa sabatayo, alembe pansi pa chilichonse chimene amafuna kuonetsa, ndipo asanaike zina akhale atalembera anzake awiri ndemanga zodzaza. Ndemanga yodzaza itchule chomwe chagwira ntchito ndi chifukwa chake, vuto limodzi lalikulu, ndi chinthu chimodzi chokayesa. Vuto limodzi basi. Wongoyamba akauzidwa zolakwa zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi sakonza ngakhale chimodzi, amangosiya kuika zithunzi.

Apa pali chinthu china chomwe pulogalamu singathetse. Kwathu wamng'ono sadzudzula wamkulu pagulu, ndipo mu alubamu ndemanga iliyonse imaoneka kwa onse, dzina lili pamwamba. Mnyamata wa zaka 19 amene akuona bwinobwino kuti amalume adula mapazi a ana onse pachithunzi cha banja amangodina kamtima n'kudutsa. Chomwe chimamasula pakamwa n'chakuti mwini chithunzi ayambe yekha kufunsa: "Ndimafuna nkhope ya mwanayu ioneke kuposa onse, kodi zatheka? Ngati ayi, chikusokoneza n'chiyani?" Wafunsa yekha, ndiye woyankha sakuchita mwano. Akuluakulu a m'gulu akayamba kufunsa chonchi, achinyamata amalimba mtima, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi. Ndemanga nazonso sizisanjidwa ngati funso ndi yankho lake, zimangotsatizana malinga ndi nthawi, choncho poyankha munthu yambani ndi kumutchula, kuopa kuti mawu anu angaoneke ngati akupita kwa wina.

Chachitatu ndi data, ndipo kwa ambiri kuno ndi pamene nkhani imathera. Bandulo ya WhatsApp sitsegula Google Photos, pamafunika data wamba kapena Wi-Fi. Chithunzi cha foni ya 12 MP (mapikiselo 12 miliyoni) chimalemera 3 mpaka 5 MB, JPEG ya kamera ya 24 MP imafika 8 mpaka 12 MB, ndipo RAW, fayilo yosunga zonse zimene sensa yalandira, imaposa 20 MB. Kuika zithunzi zitatu pa sabata si chinthu chachikulu. Choopsa ndi backup, pamene foni imadzikwezera yokha zithunzi ku Google: mukailola kugwiritsa ntchito data ya foni popanda malire, imayamba kukweza chilichonse chili mufoni, mavidiyo a ukwati ndi zonse, bandulo n'kutha musanafike m'tauni pa kombi. Isiyeni pa Wi-Fi yokha. Pa zithunzi za kamera, tulutsani JPEG ya mapikiselo 3000 kumbali yaitali, imene imalemera 2 MB kapena 3 MB, ndipo onetsetsani kuti pulogalamu yokonzera sinachotse mfundo za kamera potulutsa. Kukula kumeneku n'kokwanira kuona focus ya diso. RAW ilibe ntchito mu alubamu yodzudzulirana.

Malo osungira nawo ali ndi malire. Google Photos inayamba mu Meyi 2015 ikulola kusunga zithunzi zopanikizidwa pang'ono popanda malire, koma mwayi umenewu unatha pa 1 Juni 2021. Pano akaunti yaulere ili ndi 15 GB, zomwe zimagawidwa pakati pa Photos, Gmail ndi Drive. Zikadzaza, makalata a Gmail amasiya kulowa, ndipo kwa munthu amene akudikira yankho la ntchito limeneli si vuto laling'ono. Kusankha Storage saver kumachepetsa kulemera, ndipo chithunzi choposa 16 MP chimatsitsidwa kufika 16 MP. Pa ntchito yodzudzulana palibe chotayika pamenepo. Kwa wojambula maukwati wolandira ndalama, zoyambirira zizikhala pa hard drive, osati mu alubamu.

Si foni iliyonse yomwe imalowa bwino. Mafoni ang'onoang'ono a Android Go, monga ena a itel ndi Tecno, amabwera ndi pulogalamu ina ya Google yotchedwa Gallery, yomwe imaonetsa zithunzi za mufoni koma ilibe alubamu yogawana. Mafoni a Huawei otuluka kuyambira kumapeto kwa 2019 ambiri alibe mapulogalamu a Google. Onsewa angalowe kudzera pa browser pa photos.google.com, kungoti kukuza chithunzi kumachedwa.

Chofooka chomwe chimabweretsa mikangano yopanda pake ndi kusowa kwa histogram, kachojambula kooneka ngati phiri kosonyeza kuchuluka kwa mdima ndi kuwala pachithunzi. Munthu mmodzi amati chithunzi chada, wina amati chili bwino, ndipo onse akunena zoona malinga ndi sikirini zawo. Wina akuonera panja padzuwa, wina m'chipinda magetsi atazima, kuwala kwa foni atakutsitsa kuti batire lifike mawa. Mafoni ambiri a Samsung ali ndi mitundu iwiri ya kaonekedwe, Vivid ndi Natural, ndipo Vivid imakoleza mitundu. Chosefa kuwala kwa buluu chomwe anthu amayatsa usiku chimapangitsa zonse kuoneka zachikasu. Mu Okutobala, jakaranda akachita maluwa mu Leopold Takawira Street, mkangano umenewu umafika pachimake, chifukwa mtundu wa maluwawo uli pakati pa buluu ndi pepo ndipo kamera yosiyidwa pa auto imaukankhira uku kapena uko. Musanalembe ndemanga ya mtundu kapena ya kuwala, zimitsani chosefacho, ikani Natural, kwezani kuwala kufika pakati, ndipo khalani m'nyumba. Mkangano ukapitirira, tsegulani chithunzicho mu Snapseed, yomwe ndi yaulere ndipo ili ndi histogram. Ngati phiri la histogram launjikana kukhoma lakumanja, zoyera zapsa. Likaunjikana kumanzere, mithunzi yatsekeka. Pa jakaranda, kuika white balance pa Daylight kumapereka mtundu wosasinthasintha pa zithunzi zonse.

Pa nkhani ya zomwe zikuikidwa mu alubamu, gulu la Achewa lili ndi udindo woonjezera. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amavinidwa m'madera angapo a Harare, ndipo ojambula amamukonda chifukwa cha fumbi, liwiro ndi mitundu. Pa luso, amafuna shutter ya 1/500 kapena 1/1000, focus yotsatira choyenda, ndi kuima pamene dzuwa likumenya fumbi cham'mbali. Koma chilolezo cha akuluakulu a gule chimabwera luso lisanayambe, ndipo pali malo ndi nthawi zimene kamera situlutsidwa m'thumba n'komwe. Aliyense amene ali mu alubamu angathe kusunga chithunzi cha mnzake mufoni mwake, ndipo palibe batani loletsa zimenezi. N'chimodzimodzi ndi zithunzi za ana, za odwala ndi za pamaliro. Chomwe simukufuna kuti chituluke kunja kwa gulu musachiike, kachionetseni pamaso. Kuzimitsa kachitseko ka malo n'kofunika pa chifukwa chomwechi, popeza chithunzi chojambulidwa pakhomo chimanyamula malo enieni a nyumbayo ngati GPS inali yoyatsa.

Kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi iwiri, chotsani zithunzi pasikirini. Aliyense asankhe chimodzi chomwe anachijambulanso atalandira ndemanga, akatsukitse chakale ndi chatsopano pa 10 x 15 cm, mukaziyale pa tebulo limodzi pafupi ndi zenera. Pepala limaonetsa zomwe sikirini imabisa, makamaka mdima, chifukwa sikirini imadziwalira yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, ndipo zithunzi zokonzedwa pa foni yowala kwambiri zimatuluka zakuda. Pa kukula kumeneku pamafunika mapikiselo 1200 x 1800, ndiye JPEG ya 3000 ija ndi yokwanira. Kawatengereni otsuka zithunzi fayilo yochokera mu alubamu, pa flash disk kapena ngati document, osati yomwe yadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi. Samalaninso ndi kaumbidwe: mafoni amajambula 4:3 pamene pepala la 10 x 15 ndi 3:2, choncho makina amadula kachigawo m'mbali ziwiri zazitali. Dulani nokha pa 3:2 musanapite, apo ayi makinawo adzasankha okha pakati pa duku la amayi ndi nsapato za ana.